Laimu m'Jekete la Bambo

Fungo la laimu wonyowa limandibwezabe ku Chamiyala mpaka lero. Limakanda pakhosi ngati phulusa lothiridwa madzi, ndipo ndikalimva ndimaona ndowa zobooka zili pamzere m'mbali mwa msewu, ana a sukulu tili ndi timatsache ta udzu m'manja, miyendo yathu ili mbuu. Ndinali mu Sitandade 4 chaka chimenecho. Linali dzinja, chimanga chikumasula, mapiri ali biriwiri mpaka kunsonga.

Chamiyala kanali katauni kakang'ono m'tsinde mwa mapiri a ku Ntchisi, kotsamira mtsinje wa Nambuzi. Panali chigayo, sukulu, tchalitchi cha njerwa zofiira, ndi masitolo anayi amene Amwenye anasiya atauzidwa kuti asamukire m'mizinda. Pamakonde pake pankagona mbuzi. Msewu unkatsika phiri mokhotakhota n'kuwoloka pamlatho wa simenti. Kumunsi kwa mlathowo, pamene anthu ankawolokera kale, panali mulu waukulu wa miyala patsinde pa mkuyu. Ana tinkangouzidwa kuti tisamasewereko, ndipo ine ndinkayesa n'chifukwa cha njoka. Bambo anali mkulu wa mpingo, choncho zakale za makolo sizinkakambidwa pakhomo pathu.

Uthenga unabwera wakuti Mtsogoleri wa dziko adzadutsa pamsewu wathu poyendera mbewu. Maphunziro anaima. Amayi ankayeserera nyimbo pabwalo la sukulu, abambo anakwera kumtunda kukalambula msewu, ndipo ife ana tinapatsidwa ntchito yotola miyala, kuindandalika mbali zonse ziwiri kuyambira pachigayo mpaka pamlatho, kenako n'kuipaka laimu. Aphunzitsi athu, a Mhone, anali atangofika kumene kuchokera kutali, ndipo kwathu sankakudziwa. Ine ndinali mwana wokonda kutamidwa, wa mkono wofulumira kukwera m'kalasi funso lisanathe n'komwe. Nditaona anzanga akuvutika kufukula timiyala m'minda, ndinati, "Aphunzitsi, kumkuyu kuli yambiri yotolera kale."

Anandiyamikira pamaso pa onse, mtima wanga n'kukhala mbee. Ana angapo ochokera kuseri kwa phiri anadwala m'mimba mwadzidzidzi n'kuthawira kwawo, koma otsalafe tinasenza. Miyalayo inali yosalala, yozizira kunsi kwake, ina yomera ndere. Njoka sitinapeze ngakhale imodzi. Pamene akuluakulu ankatsika kumtunda dzuwa litapendeka, patsinde pa mkuyu panali patangotsala dothi lakuda ndi nyongolotsi, miyala yonse itayera kale pamsewu.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anatula dengu lake n'kukhala pansi pakati pa msewu. A Kamwendo, tcheyamani wa chipani kwathu, munthu wamtali wa chipewa chachikopa, anayang'ana kumkuyu nthawi yaitali, kenako anayang'ana miyala. "Mwagwira ntchito, ana inu," anatero. Analengeza pomwepo kuti miyalayo tsopano ndi ya boma, ndipo wosuntha ngakhale umodzi ndiye kuti akunyoza Mtsogoleri. Ngakhale ife ana tinkadziwa kumene onyoza ankapita. Dzina la ndende ya Dzaleka linkatchulidwa monong'ona, ndipo wopitako sankatsanzika.

Lamulungu lotsatira Bambo anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti mwala ndi mwala basi, Mkhristu asachite mantha ndi zinthu zopanda mpweya. Ndinapepukidwa. Komabe kunyumba palibe anandiyamikira, ndipo Mayi ankandipatsira chakudya akuyang'ana kwina. Ndinayesa kufunsa chimene ndalakwa, anangoti ndikatsuke mbale. Tsiku lalikulu litafika tinaima m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, timbendera tapepala tikusungunuka ndi mvula, mpaka tinamva kuti Mtsogoleri wadzera njira ina. Miyala inatsala pamalo pake, ikadali ya boma.

Patapita masiku, mizere ija inayamba kuperewera apa ndi apo ngati m'kamwa mwa mwana wogweluka mano. Loweruka lina, ndikusita jekete lakuda la Bambo ndi simbi ya makala, ndinapeza thumba lake lakumanja litatanuka, m'kati mwake muli mbee ndi laimu. Ndinalikuntha, ndinadabwa pang'ono, ndinapitiriza kusita.

Lolemba lake kusukulu kunabwera galimoto. Munatuluka bwana wina wochokera ku boma ndi achinyamata awiri a chipani a malaya ofiira, a Kamwendo ali pambuyo pawo. Anatifoletsa padzuwa. Bwanayo anayankhula mokoma, akumwetulira, kuti m'dera lathu muli anthu oipa amene akuba miyala ya Mtsogoleri, ndipo ana abwino ndi amene amathandiza boma. Anafunsa ngati pali amene waona laimu pa zovala za munthu kwawo. Mkono wanga unakwera wokha, monga unazolowera.

"M'jekete la Bambo anga muli laimu," ndinatero.

A Kamwendo ndiwo anayankha, akuseka kuseka kopanda chimwemwe. "Uyu ndi mwana wa mkulu wa mpingo, bwana. Bambo ake akupaka laimu tchalitchi." Ine ndinati tchalitchi chathu n'chosapaka, n'chofiira. A Kamwendo anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaiwale, nati, "Khala pansi, Esinati." Bwana uja analemba kena kake m'kabuku, nanena kuti abweranso.

Ndinafika kunyumba ndili wokwiya, ndikudandaula kwa Mayi kuti a Kamwendo andichititsa manyazi pagulu pamene ine ndimanena zoona. Mayi anasiya lichero n'kukhala pansi pomwe anaimapo. Madzulo ake anamanga bulangete, juzi ndi Baibulo la Bambo m'nsalu, n'kuika kamtoloko kuseri kwa chitseko. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti Bambo akhoza kutengedwa, ndipo wowapereka ndine. Ndinkachita mantha kwambiri. Galimoto iliyonse ikamatsika phiri, ikulira ndi giya yoyamba, m'nyumba mwathu munkati zii mpaka iwoloke mlatho. Bambo sanandimenye, sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandisokoneza kuposa chikwapu. Kusukulu ankatiphunzitsa kunena zoona, kutchalitchi chimodzimodzi, nanga ndinalakwa pati?

Lachitatu m'mawa ndinamva phokoso la ndowa kutchalitchi. Matumba a laimu otsala pa ntchito ya msewu, amene ankasungidwa kwa a Kamwendo, anali pakhomo pa tchalitchi, ndipo pafupifupi tauni yonse inali pomwepo ikupaka khoma. Panali akulu a mpingo, mwini chigayo, mayi wa zitumbuwa uja, ndi a Mhone omwe. Panalinso amuna a kudambwe, a gule wamkulu, amene Bambo ankawatchula m'mapemphero ngati nkhosa zotayika ndipo anali asanapondepo pabwalo limenelo. Ankapaka mosasamala, laimu akudonthera pamalaya, m'matumba, m'ndevu. Bwana uja atabweranso Lachisanu anapeza tchalitchi choyera chothobwa m'maso, ndiponso munthu aliyense wa pa Chamiyala ali ndi laimu penapake. Anazungulira kamodzi, anakwera galimoto yake, sanabwerenso.

Mwezi wa Epulo, mitsinje itayamba kuphwa, Bambo anandiuza kuti ndiwaperekeze kudimba. Tinadzera kumkuyu. Mulu uja unali utabwerera mpaka m'chiuno mwanga, woyera wokhawokha. Bambo anayang'ana uku ndi uku, anatulutsa mwala m'thumba n'kuuika pamwamba mofatsa. Kenako anandiuza mwachidule, ngati akuwerenga zolengeza. Kalekale anthu othawa nkhondo anawoloka pamenepo mtsinje utadzaza, ambiri n'kukokoloka. Mitembo sinapezeke, manda sanakumbidwe, ndiye opulumukawo anaikira aliyense mwala wake n'kumanga mudzi pafupi kuti asawasiye okha. Kuyambira pamenepo, aliyense amene Nambuzi wamutenga osamubweza amaikiridwa mwala. Mlongo wawo wa Bambo, Nabanda, anapita ndi madzi ali ndi zaka ngati zanga, akuchokera kogayitsa. Ndinali ndisanamvepo dzina lake.

Ndinati, "Koma Bambo, munati mwala ndi mwala."

"Ndi mwala ndithu," anatero.

Ndinafunsa ngati umene aikawo ndiwo wa azakhali. Anapukusa mutu. "Mutaipaka inafanana yonse, mwana wanga. Wa Nabanda sindingaudziwenso. Ndiye kuti iyenera kubwera yonse." Tinapita kudimba, tinathyola mpiru, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka Bambo anamwalira.

Ndinakhala zaka zambiri ndikuganiza kuti nyengo imeneyo akuluakulu onse a kwathu anasanduka abodza, ine ndekha wonena zoona n'kukhala wolakwa. Pamaliro a a Kamwendo, ndili mayi wa ana atatu, m'pamene ndinamva kuti mwana wawo wachisamba anakokoloka pa Nambuzi mlatho usanamangidwe. Munthu amene anatiletsa kusuntha miyala ija anali ndi wake pakati pake, wosauzindikiranso, ndipo sakanatha kuubweza yekha. Zimene Bambo ankakhulupirira kwenikweni sindikuzidziwa mpaka pano, kaya za paguwa kaya za m'thumba la jekete, mwina zonse ziwiri. Chaka chatha ndinatsikira kumkuyu. Mvula inatsuka miyala ya pamwamba, koma nditasuzumira m'mipata ndinaona ya m'kati ikadali yoyera, ndipo umodzi mwa imeneyo ndi wa azakhali anga.