Ngolo Yofiira ya Odwala

Ndikukumbukira tsiku limene ngolo yofiira inafika kwathu ku Mbulumbuzi. Inali nyengo yokolola nandolo, fumbi lili koboo, ine ndili kamtsikana ka Sitandade Folo. Lole ya munthu wogula zitsulo zakutha inaphulika tayala pamsewu wa ku Zomba, ndipo pamwamba pake panali zinthu zimene maso athu anali asanaonepo: njanji zopindika ngati mkombero wa lichero, ndi tingolo tofiira topanda denga, topanda chiwongolero. Msika wonse unakhamukira pamenepo, mpaka ogulitsa tomato kusiya malonda okha.

Ine ndinazizindikira ndisanauzidwe. Ababa anagwira ntchito zaka zambiri ku Blantyre pamalo ena osewerera ana, kupaka girisi mawilo a chinthu chimene ankachitchula kuti sitima ya m'mwamba. Ankati imakwera pang'onopang'ono mpaka kupitirira nsonga za bulugamu, kenako n'kugwa pansi ndi liwiro, anthu akuluakulu a mataye akukuwa kuitana amayi awo. Akabwera kumudzi ndinkawaumiriza kuti abwerezenso, ndipo mathero ake anali amodzimodzi: "Nandolo akatha, ndidzakutenga ukakwere." Nandolo ankatha chaka chilichonse, koma pena kugwa maliro, pena mvula kufulumira. Kenako malowo anatsekedwa, ababa n'kubwerera ndi chikwama chimodzi komanso chifuwa chosamva mankhwala.

Tsiku la lolelo ababa anaima chapatali, manja kumbuyo. Atayandikira anasisita njanji imodzi.

Mwini lole anakhala nafe mpaka tayala litapezeka, anthu a mu mphakati wathu, gulu la Akatolika a m'mudzimo, akumupatsa chakudya ndi pogona. Ponyamuka anafunsa chomwe angasiye. A Nachisale, amene ankatsogolera mphakatiwo, analoza ngolo imodzi. Kale lonse odwala tinkawanyamula pachitseko kapena pamachira, ndiye iwo anaona mpando wofewa wa ngoloyo ndi chitsulo chake chogwirira n'kuganiza zawo. Wowotcherera zitsulo wa pamsika anaiveka mawilo a njinga yamoto, kutsogolo mpini wokokera, kumbuyo zingwe ziwiri. Njanji zija zinapita kukasungunulidwa, koma ngolo yathu inasanduka ya odwala.

Inkakhala pakhonde la tchalitchi, yowala ngati tomato wakupsa, ine n'kumaidutsa popita kusukulu. Koma kwathu munthu wabwinobwino sakhala ponyamulira odwala, amati ukudziitanira matenda. Mnzanga wina atangoikamo phazi anakokedwa khutu mpaka kunyumba. Ndiye tangoganizani, sitima imene ndinailota ubwana wonse inachita kundilondola kwathu, koma ine osaloledwa ngakhale kukhalamo. Zinkandiwawa kwabasi, ndipo ababa ankadziwa.

M'mawa wina, mvula yoyamba itangogwa, ababa analephera kudzuka. Amuna anabwera ndi ngolo ija, n'kuwakhazikamo atawafunditsa bulangete. Pankafunika munthu wowagwira kuti asagwere kumbali, koma amayi anali ndi khanda kumsana.

"Akwere Agnesi," anatero ababa.

Azimayi a mu mphakati amene anabwera nawo anayang'anana. A Nachisale anati, "Mwanayu ali bwinobwino, achimwene. Si bwino."

"Ndinamulonjeza," anayankha, n'kutsokomola.

Palibe anatsutsanso. Ndinakwera n'kukhala pambali pa ababa. Mpando unali wozizira, ukununkhabe girisi, fungo lomwelo la malaya a ababa. Anatsitsa okha chitsulo chogwirira chija mpaka chinalira kuti khethe.

Njira ya kuchipatala imakwera kaye chitunda. Amuna anakoka akupuma mwaphuma, ndipo titafika pamwamba ndinaona dziko lonse lili pansi pathu: minda yongolimidwa kumene, madenga a malata akunyezimira, phiri la Chiradzulu litavala nkhungu. Njira imeneyi ndinkaiyenda nthawi zonse, koma ndinali ndisanaione chonchi. Potsetsereka, amuna awiri a kumbuyo anakunga zingwe kuti ngolo itsike mwaulemu. Ababa anatembenuka n'kunena motsitsa mawu, "Tafewetsani zingwezo pang'ono, anyamata."

Mwina anamva chisoni, mwina anatopa, kaya. Anafewetsa.

Mimba yanga inatsala pamwamba pa chitunda. Mphepo inandilanda mpango, mitengo ya mango inkangodutsa kuti fyuu, wokoka kutsogolo akuthamanga ngati wothawa njuchi, a Nachisale kumbuyoko akufuula dzina la Maria. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Pakati pa phokoso lonselo ndinamva ababa akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, misozi ikuyenderera m'masaya mwawo.

Titaima pachigwa ababa anapuma kwa nthawi, n'kundigwira dzanja.

"Kani zimakoma chonchi," anatero.

"Inu simunakwerepo?"

"Ine ndinkakhala pansi pake ndi chitini cha girisi. Ndinkadikira iwe."

Titafika kuchipatala anawatumiza ku chipatala cha mishoni, ndipo kumeneko sanabwereko ndi moyo. Anthu ena ananong'ona kuti ine ndidwala posachedwa, koma ndine pano, imvi zayamba.

Masiku ano odwala amathamangitsidwa pa njinga zamoto za kabaza, ndipo ngolo ija inachita dzimbiri kuseri kwa tchalitchi mpaka ogula zitsulo anadzaitenga. Ana anga amaonera masitima oterewa pafoni, aakulu koopsa, ozondotsa anthu mitu pansi, ndipo amandiuza kuti ngakhale kumaiko akunjako masitima ena akuphwasulidwa. Amandiseka ndikanena kuti ndinakwerapo. Ndimangowasiya. Koma akandipempha kanthu kotheka, sindinena kuti tidikire nandolo, timapita tsiku lomwelo.