Nkhope Yanga pa Khoma la Golosale

Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 8, ku Thambani kunabwera ojambula awiri, mnyamata ndi mtsikana. Anali atangomaliza kumene maphunziro a zaluso ku koleji, ndipo bungwe lina linawatumiza kuti adzakhale nafe miyezi itatu, azitiphunzitsa kujambula ndi kukongoletsa makoma a pamsika. Tinkangowaitana kuti achimwene ndi achemwali.

Ine sindinali mwana wolankhula. Zakukhosi zanga ndinkauza kope lomwe ndinkabisa pansi pa mphasa. Choncho ndinadzidzimuka achimwene aja atandiloza tsiku lina titaweruka.

"Iwe wachete iwe, takhala pampandopa. Usamwetulire. Ungoyang'ana pansi ngati mmene umachitira muja."

Anzanga anaseka. Ndinakhala duu mpaka anamaliza, kenako anandionetsa pepalalo. Ndinali ine ndithu. Ngakhale chipsera cha pansidze, chomwe ndinachipeza nditagwa mumtengo wa manachesi, chinalipo. Tsikulo ndinalemba m'kope kuti munthu wandiyang'anitsitsa ndipo sindinafe.

Patapita milungu iwiri, Lachinayi, ndikuchokera kusukulu, akabaza omwe amaima pafupi ndi golosale yaikulu anayamba kundiimbira mluzu.

"Alamu! Bwanji osatiuza? Mwezi wachingati umenewu?"

"Musiyeni adutse, wodwala sathamangitsidwa!"

Ndinatembenuka. Pakhoma la golosaleyo panali chithunzi chotalika kuposa chitseko: mtsikana wovala yunifolomu, mabuku atagwa pansi, mimba ili patsogolo. Pamwamba panalembedwa kuti SUKULU KAYE. Mtsikanayo ankayang'ana pansi. Anali ndi chipsera pansidze.

Kunyumba nkhani inali itanditsogolera. Bambo ndinawapeza pakhonde akupopa njinga, ndipo sanadzutse mutu.

"Akuti uli pakhoma."

"Ine ndilibe chilichonse, bambo."

"Sindinakufunse zimenezo. Kuti mnyamata akudziwe mpaka chipsera, wakuyang'ana nthawi yaitali bwanji?" Anaika pampu pansi. "Loweruka tipitira limodzi kumsika. Ndikakakupeza pakhomapo, sukulu yathera pomwepo. Uzikathandiza azakhali ako kugulitsa nthochi kumalire."

Mayeso anali atatsala milungu isanu. Amayi anangondipatsa ndowa kuti ndikatunge madzi, ngakhale mitsuko inali yodzaza.

Lachisanu sindinamve chilichonse m'kalasi. Ndinkalemba mawu oti ndikanene kwa ojambula aja, n'kufufuta, n'kulembanso. Titaweruka ndinapita kugolosale. Achimwene anali ataima pamgolo akupaka thambo la chithunzicho, achemwali akusakaniza penti m'zitini.

"Eee, mwini nkhope wafika!" anatero achimwene mosangalala. "Waona mmene watchukira?"

Akabaza anali atasiya macheza awo, akutiyang'ana. Ndinang'amba tsamba la m'kope lija n'kupatsa achemwali. Panali mizere iwiri yokha: Chonde chotsani nkhope yanga. Bambo akaiona mawa andisiyitsa sukulu.

Anawerenga kawiri. Kenako anakoka mwendo wa thalauzi ya achimwene.

"Tsika."

Achimwene anatsika, nawo anawerenga, n'kukanda kumutu ndi chala cha penti. "Koma si iyeyo ayi. Ndi uthenga chabe. Aliyense akudziwa kuti ndi chithunzi."

"Aliyense wake uti? Awawa?" Achemwali analoza akabaza ndi mlomo. "Unamupempha mwanayu?"

"Akubungwe akubwera Lolemba kudzaona. Nkhope yabwino ngati iyi sindinajambulepo chiyambire."

"Ku koleji nkhope ndi nkhope basi. Kuno nkhope ili ndi bambo ake."

Achimwene anatsitsa mawu. "Ndiye tiikepo ndani? Ngakhale tijambule wa m'mutu, anthu amufanizira ndi mwana wa munthu wina. Mawa kubweranso wina akulira."

Zimenezo zinali zoona. Dzuwa linali litapendeka. Ndinaganiza kuti angondiuza kuti pepa.

Achemwali anapisa m'chikwama n'kutulutsa kagalasi kodziyang'anira. Anandipatsa.

"Kwera pamgolo winawu, undigwirire. Usagwedeze."

Anapaka penti yofiirira pankhope yanga ya pakhoma mpaka inasowa. Itauma pang'ono anayamba kujambula, akuyang'ana m'kagalasi, n'kuyang'ana khoma. Panatuluka chipumi chawo chachikulu, kenako mphuno, kenako kadontho kakuda ka patsaya lawo. Mkono unandiwawa koma sindinautsitse.

Wakabaza wina anazindikira msanga. "Aaa! Achemwali, kani mimbayi ndi yanu? Mwini wake ndi achimwenewa?"

Onse anafa nacho chiseko.

"Eya, mudzabwere ndi matewera," anayankha achemwali osatembenuka. Anapitiriza kujambula mpaka nkhopeyo inatha.

Loweruka bambo anandikweza panjinga. Atafika pagolosale anaimika njinga, n'kuima patsogolo pa khomalo manja ali kumbuyo. Anayang'ana nkhopeyo, anayang'ana ine, anayang'ananso nkhopeyo. Kenako anasendera pafupi n'kununkhiza.

"Penti ya pankhopeyi ndi yadzulo."

Anatembenukira kwa ine.

"Uyu si mtsikana wojambula uja?"

"Ndi omwewo, bambo."

"Anadziika yekha?"

"Eya."

Kenako anagwira njinga yawo. "Lolemba upite kusukulu. Koma pampando wa ojambula usadzakhalenso."

Mayeso ndinalemba. Achemwali aja anakhalabe ku Thambani mwezi wina wathunthu, ndipo tsiku lililonse akamadutsa pamsika ankafunsidwa za matewera. Amayi ena analetsa ana awo aakazi kupita kukaphunzira kujambula. Ine ndinayamba kudzera njira ya kuseri kwa chigayo kuti ndisamve. Tsiku lomwe ankakwera galimoto ndinaima patali, kuseri kwa anthu, ndipo zikomo wanga sanatuluke pakamwa.