Zithunzi za Ukwati wa Mphwanga

Inu anyamata a kwathu amene mwangofika kumene muno mu Dubai, ndi inunso amene mukali kumudzi koma pasipoti ili kale m'thumba, tcherani khutu. Ambiri a inu mwasiya akazi kumbuyo, ndipo nonse mukuti mubwerera posachedwa. Inenso ndinkatero. Imvani tsono zimene ndinaona pamene mphwanga ankafuna viza yotsatira mkazi wake ku Amereka, pakuti m'nkhani ya mwana ameneyu ndinalawamo nsanje imene sindinkaiyembekeza pa msinkhu wanga.

Ine ndine mlonda. Ndalondera nyumba zosungiramo katundu ku Al Quoz kuyambira tsitsi lili bii kufikira lero pamene layera mbuu. Ndimagona m'nyumba za kampani, m'chipinda cha amuna okhaokha, pa mabedi osanjikizana. Mayi a kunyumba ali kwathu ku Dedza. Lamulo la kuno limati wofuna kuitana mkazi wake akhale ndi malipiro okwana ndi nyumba yakeyake, ndipo mlonda alibe ziwirizo. Ndimakawaona tchuthi chikakwana, ndipo ndikafika amandiphera nkhuku monga achitira ndi mlendo.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuno kudzagwira ntchito yolandira alendo pa hotela. Ku mapemphero a anthu akwathu anakumana ndi mtsikana wina, mphunzitsi. Makolo a mtsikanayo ndi a ku Chipata, koma iye anabadwira ku Amereka, ndipo ndi nzika ya kumeneko. Chinyanja amachiyankhula, ngakhale mopindika lilime. Atagwirizana zokwatirana, unkhoswe unagwera ine, popeza ndine malume, ndiponso panalibe mbale wina muno. Ukwati wa boma anakalembetsa kukhoti tsiku la ntchito, mwachangu, popanda wojambula. Ine ndinati zimenezo n'zabwino, koma popanda chinkhoswe mkaziyo sindimudziwa.

Chinkhoswe tinachitira ku Jumeirah Village Circle, m'nyumba ya injiniya wina wa ku Zambia amene anaimira kuchikazi. Tambala ndi msoti tinachita kugula zososola kale m'sitolo, pakuti nkhuku yamoyo sukwera nayo m'nyumba zosanja za kuno. Mwambo usanayambe ndinawaitanira pambali ana aja ndi kuwalanga monga tinalangidwira ife. Ndinati akhale motalikirana, maso pansi, manja pamaondo, ndipo dzino lisaoneke, chifukwa mkwatibwi woseka pa chinkhoswe amanyozetsa amene anamulera. Anamvera bwino lomwe. Kufikira lero ndimati ndinawalanga molondola.

Patapita nthawi bambo a mtsikanayo anadwala matenda a mgonagona, ndipo iye anaganiza zobwerera kwawo kontirakiti yake ikatha. Anayamba zopemphera mwamuna wake viza ya ukwati, ija imati ukafika nayo kumeneko amakutumizira girini khadi, chitupa chokulola kukhazikika m'dzikomo. Izi zinali kale pang'ono, makomo asanayambe kuthina monga tikumvera masiku ano. Komabe sizinali zapafupi. Eni dziko amafuna umboni woti ukwatiwo ndi weniweni, osati wongofunira pepala. Akakayika amakana, ndipo akanakana, mkazi akanakhala uko, mwamuna kuno, monga ine.

Tsiku lina lopuma anandiitanira kunyumba kwawo. Ndinapeza nkhope zili zakugwa.

"Amalume, loya waona zithunzi za chinkhoswe," anatero mphwanga.

"Wasangalala nazo?"

Mpongozi wanga, mkazi wake uja, anandipatsa foni. "Wafunsa ngati anali maliro, amalume. Akuti ine ndikuoneka ngati andigwira ndi mfuti."

Ndinaziyang'ana. Ana aja anali atakhala kumapeto awiri a mpando wautali, pakati pawo malo oti n'kukhalapo anthu ena awiri, mitu yoweramitsa. Zithunzi zina zonse zinali za ine ndi injiniya uja tikupatsana nkhuku, tikugwirana chanza, tikuseka kufikira mano a m'tsaya.

"Akuti wosadziwa angaganize kuti okwatiranawo ndi inu ndi a injiniya," anawonjezera mphwanga, akudziletsa kuseka.

Zithunzi zina analibe, chifukwa ndinali nditamuuza kale mnyamatayo kuti munthu wolongosoka sajambulitsa atakolekana ndi mkazi ngati mbalame. Nyumba inalembedwa m'dzina la mkazi yekha. Umboni unali wochepa ndithu. Loya anawalangiza kuti kuyambira pamenepo azisunga zithunzi za moyo wawo, ali awiri ndiponso ali ndi achibale. Wachibale ndinali ine ndekha. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: tsiku langa lopuma, limene ndinkachapa ndi kugona, linasanduka tsiku loyenda pambuyo pa banja la eni, foni ili m'manja.

Tinkapita ku Karama, m'tinyumba todyera tija topanikizana, iwo n'kukhala mbali imodzi, ine mbali inayo. Tinkawoloka mtsinje wa m'tauni pa tingalawa tamatabwa. Tinkalowa m'masitolo akuluakulu, iwo akukankha ngolo imodzi, akukangana za mtundu wa sopo.

"Yalla, tiyeni amalume, jambulani msanga tiyi asanazizire!" ankatero mphwanga.

"Sendera pafupi ndi mkazi wako," ndinkatero ine, yemwe uja wolanga za kutalikirana. "Mayi, ikani dzanja paphewa pake. Sekani."

Sankachita kuumirizidwa. Ndicho chimene chinkandipweteka. Akanakhala kuti akuchita sewero lonamiza azungu, ndikanaseka nawo. Koma ndikatsitsa foni dzanja lija linkakhalabe paphewa. Mpongozi wanga ankachotsa kanjere ka mpunga pandevu za mwamuna wake osadziwa n'komwe kuti wachita kanthu. Ine ndinkayang'ana zimenezo pa galasi la foni. Amereka sindinkamusirira. Ndamva kuti kumazizira, ndipo mafupa anga sangapirire. Ndinkasirira kanjere ka mpunga kaja. Madzulo iwo ankakwera galimoto imodzi kupita ku khomo limodzi, ine n'kukwera basi ya ku Al Quoz, kukapeza anzanga atayanika masokosi pa zitsulo za bedi.

Kumishoni anatiphunzitsa kuti nsanje ivunditsa mafupa. Sanatiuze kuti imatha kugwira munthu amene akufunira mnzake zabwino ndi mtima wonse. Ndinkapempherera viza ya mwana uja m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa womwewo ndinkadzuka ndi mwala pachifuwa.

Mapepala atapita, anayamba kukonzekera mafunso. Anamva kwa anzawo kuti ku ofesi ya kazembe angafunse zilizonse za m'nyumba, pofuna kuona ngati anthu amakhaladi limodzi. Anandiika ine pampando kuti ndikhale bwana wofunsa. Ndinavala magalasi, n'kukhwimitsa nkhope, ndipo ndinamupanikiza mphwanga koposa muyeso. Mkazi wako amamwa chiyani m'mawa? Amadana ndi ndiwo zanji? Mswachi wake ndi wamtundu wanji? Amagona mbali iti ya bedi? Mnyamatayo ankayankha mosajejema, mpaka kunena kuti mkazi wake akakwiya amayamba kupukuta mbale zouma kale.

"Bodza!" anakuwa mpongozi wanga, akumuponyera katsamiro. Kenaka anatembenukira kwa ine, maso akuwala ndi chibwana. "Tsopano tisinthane. Amalume, khalani apa, ndikufunseni za azakhali. Ukwati wanu ndi wakale, mukhoza zonse. Amamwa chiyani m'mawa?"

"Tiyi," ndinatero.

"Wamkaka kapena wopanda?"

Ndinayesa kukumbukira. Ndikakhala pa tchuthi amathira mkaka, koma mwina amathirira mlendo.

"Nanga mnzawo wapamtima ndani?"

Ndinatchula mayi wina, ndipo mphwanga anayankhula motsitsa mawu: "Amalume, amene aja anamwalira. Amayi anandiuza chaka chatha."

"Mbali ya bedi?" anafunsa mpongozi wanga, koma mawu anali atayamba kuzilala.

"Khalas, basi zakwana," anatero mphwanga. "Tiyeni tidye."

Mtsikanayo anayesa kukonza zinthu ndi nthabwala. "Pepani bwana, viza yakanidwa." Tonse tinaseka, ine kuposa onse. Koma m'basi ndinkawerengera ndekha monga akanawerengera bwana wa kwa kazembe. Nyumba imodzi sitikhalamo. Chithunzi chathu ndi chimodzi, cha tsiku la ukwati pakhomo pa tchalitchi, titaima ngati asilikali. Ana tinabereka, onse ndi akuluakulu, nyumba ya malata ndinamanga, koma pa muyeso umene ankayezera ana aja ukwati wanga ukanapezeka wopepuka, ndipo wawo wa dzulodzulo wolemera.

M'mawa mwake, pa nthawi yopuma, ndinaima mumthunzi wa khoma n'kuimba foni kumudzi. Si tsiku limene ndimaimba, choncho mayi a kunyumba anayankha ndi mantha.

"Kwagwanji, bambo?"

"Kulibe. Ndimati ndifunse. Tiyi mumamwa wamkaka?"

"Tiyi? Ndinasiya kalekale, amandiyambitsa mtima kuthamanga. Ndimamwa phala. Mwaimbira zimenezi?"

"Nanga pabedi paja mumagona mbali iti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Pakati! Ndisiyirenji mbali, ndikusungira yani? Bambo, dzuwa la kumeneko lakulowani m'mutu kodi?"

"Ndi mafunso a viza ya mphwanga."

"Ndiye mukafunse mphwanuyo. Inu mukafuna kudziwa za bedi langa mubwere mudzaone nokha. Dulani, anzanga akundidikira pamsewu, tikupita kukazonda odwala."

Kuti ndi anzawo ati, sindinafunse.

Kenaka inafika nthawi yoti mpongozi wanga atsogole. Matenda a bambo ake anakula, komanso anafunika kukapeza ntchito ndi nyumba kumeneko, kuti aonetse kuti adzatha kumusunga mwamuna wake. Tinamuperekeza ku bwalo la ndege. Mphwanga anatsala akuthamangira zotsala: kuyezetsa m'thupi kwa dokotala wovomerezeka, makalata a kupolisi a kuno ndi a kwathu oti si chigawenga, ndi kudikira tsiku la mafunso. Kudikirako kunatenga miyezi, ndipo mnyamatayo anaonda. Ankabwera ku Al Quoz, n'kukhala pa bedi langa, mutu uli m'manja.

"Amalume, simungamvetse. Nyumba ija ikundiluma. Ndimadzuka n'kufufuza pambali, palibe munthu. Ndikadikiranso mwezi wina ndipenga."

Anzanga a m'chipinda, amuna a ku Nepal ndi ku Uganda amene ana awo akukula pa foni, sankamva Chichewa, ndipo ndinathokoza Mulungu. Mawu anafika pakamwa panga, akuthwa ngati lumo. Ndinafuna kumufunsa kuti akuganiza ine ndimafufuza chiyani pambali panga, khoma kodi? Koma nkhoswe satukwana mwana wolira. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kumuthirira tiyi. Iye ankalira njala ya miyezi pamaso pa munthu amene waiwala n'kukoma kwake kwa chakudyacho, ndipo ngakhale kulira kwakeko ndinkakusirira. Ine ndinaleka liti kufufuza pambali? Sindikumbukira.

Tsiku la mafunso ndinapempha chilolezo kuntchito, n'kumuperekeza ku Abu Dhabi. Anavala suti, chikwama cha mapepala ndi zithunzi chili kukhwapa. M'katimo salola foni, choncho anandisiyira yake, ine n'kukakhala m'kanyumba ka tiyi chapatali. Ndinaika foni yake m'thumba la kumanzere, yanga kumanja. Ku Amereka kunali kusanache, koma mkazi wake anali maso. Foni ya kumanzere inkanjenjemera kosaleka pa nthiti zanga, uthenga pamwamba pa uthenga. Sindinaitsegule. Ndinkangomva kunjenjemerako, ngati kamtima ka mwini kakugunda m'malaya mwanga. Ya kumanja inali zii. Ndinaitulutsa kuti ndione ngati yazima. Inali yoyaka bwinobwino.

Dzuwa litakwera ndinamuona akubwera, akuyenda ngati woledzera, tayi atamasula.

"Atenga pasipoti, amalume! Akuti avomera! Abweza ili ndi viza!"

"Anafunsa za mswachi?"

"Ayi! Angofunsa kumene tinakumana, ntchito ya mkazi wanga, ndi matenda a apongozi. Zithunzi anangotsegula ziwiri zitatu n'kundibwezera."

Ndinamukumbatira, ndipo chimwemwe changa chinali choona. Anandilanda foni ija, n'kutembenuka, n'kuyamba kulira ndi kuseka ndi mkazi wake m'chizungu. Ndinaima pambali ndi chikwama cha zithunzi, masiku anga onse opuma ali m'menemo. Ulendo wonse wobwerera ku Dubai anali pa foni. Ine ndinkayang'ana mchenga.

Ananyamuka mwezi wotsatira. Khadi lija linamupeza ali kale m'nyumba ya mkazi wake, ndipo ananditumizira chithunzi chake atalinyamula, masaya atabwerera. Tsopano ali ndi mwana wamkazi. Amandiimbira mokhulupirika, ndipo nthawi zonse kumbuyo kumamveka mbale kugundana ndi mawu a mkazi akufunsa kanthu. Ndikadula foni mwala uja umabwerera pamalo pake. Kontirakiti yanga ikatha ulendo uno sindisainanso, ngakhale sindidziwa ngati pabedi paja adzandisunthirako.

Tsono inu anyamata, pamene mukusaina ntchito ya kuno, pangananitu ndi mkazi wanu chaka chobwerera, ndipo chikakwana bwererani, kaya nyumba yatha kaya sinathe. Mukatha kumutenga, mutengeni. Muziimba foni ngakhale popanda chagwa, ndi kufunsa zazing'ono. Ndipo amene mwayi wakugwerani, musadandaule za kusungulumwa kwa miyezi pamaso pa akulu ogona m'nyumba za kampani. Apatseni moni mwaulemu, muwafunse za kwawo.