Kachitini ka gofu pachitunda cha Ababa

Ababa, lero anyamata akukumba maziko a nyumba yanga kuno kwa Mpama, khasu lagunda kachitini kadzimbiri. Ndangokhala pansi n'kuyamba kuseka ndekha.

Mutapuma ntchito yosamalira bwalo la gofu m'tauni, munafuna kadzenje kanu pakhomo. Ine ndinakumba pamwamba penipeni pa chitunda, koma mpira uliwonse unkangogubuduka n'kubwerera kumapazi kwathu. Munati, "Esinati, kumenya chokwera kumatalikitsa mtunda, chotsika kumafupikitsa. Dzenje timaika pomwe chitunda chapumira, poti mpira uime koma madzi a mvula asadikhe." Munakhuthula ndowa yonse n'kumalondola komwe madzi akulowera, Amayi akukalipa kuti kumjigo n'kutali. Mutapeza malowo, munakwirira kachitini kuti kakhale dzenje.

Papita zaka zinayi chitisiyireni, ndipo udzu unabisa zonse. Posankha pomanga, nanenso ndinakhuthula ndowa monga munkachitira, osadziwa kuti madzi andifikitsa padzenje lanu. Kachitiniko ndakaniza kukachotsa. Kakhala pansi pa balaza langa, Ababa, pomwe chitunda chapumira.