Nyimbo ndagula ndekha, ikukana kutuluka m'foni

Ndikuseka mpaka lero, koma Loweruka lapitali ku Kasinje thukuta linali kamukamu.

Tiyamike, mwana wa malemu mlongo wanga, amakwatiwa. Anandipempha chinthu chimodzi basi: alowe mu holo ndi nyimbo imene mayi ake ankaikonda. Ine ndi matama angawa ndinati za makope a pamsika ayi, ndigula pa intaneti kuti woimbayo adyepo. Ndinaguladi, ndipo mudzi wonse unamva.

Tsikulo ndinapereka foni kwa a Jumbe, eni ake zoimbira. Anadina, kudinanso, kenaka n'kundiyang'ana.

"Malume, nyimboyi ikukana kupita pa fulashi. Anaikhoma. Chingwe changanso sichikulowa m'foni mwanumu."

"Kuikhoma bwanji? Ndagulatu ine!"

"Mwagula kumvera, malume. Nyimboyo ndi ya eni ake."

Abale inu, munamvapo zotere? Mukagula thumba la mbatatesi kwa Mlangeni, wogulitsa amakulondolani mpaka kukhitchini kudzakusankhirani poto?

Apo n'kuti mkwatibwi ali pakhomo, maso ali pa ine. Basi, malume wathunthu, suti ili phaa, ndinaima chilili nditagunditsa foni pa maikolofoni. Nyimbo inalira. Tiyamike anayamba kunyang'wa, misozi ili mbwembwembwe.

Ali pakati pa holo, foni inaitana. M'malo modula, chala chinayankha.

"Halo! Mbuzi yanu ija yalowanso m'dimba mwanga!"

Holo yonse inafa ndi phwete, nyimbo zii. Ndinachita manyazi, sindinama. Koma azimayi anangoitola pomwe inalekezera, pakamwa, ndi nthungululu, mpaka mwanayo anakafika kutsogolo akuseka ndi kulira pamodzi. Yapakamwayo palibe anaikhoma.

Kunyumba ndinawerenga timalemba tija timangovomera tisanatione. Zilimo ndithu, m'Chingerezi chopotapota: osakopera, osagawira mnzako, ndipo eni ake akafuna angathe kuichotsa. Mafilimu ndi mabuku ambiri a m'foni ndi chimodzimodzi. Akulu ananena kale, fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sindikuti tizibera oimba, thukuta lawo alidyerere. Koma ogulitsa inu, kubwereka muzikutchula kuti kubwereka, munthu adziwiretu asanalonjeze mwana wamasiye.

Mbuzi ija ndiye ndinaguladi, n'chifukwa chake mlandu wa kudimba wandipeza ine. Nanga nyimbo zili m'foni mwanuzo, mungaloze imene ili yanu chonchi?