Kalata Imene Chiswe Chinaichitira Umboni

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili Fomu 2, pamene ndinalemba kalata yakale kuposa zonse m'banja mwathu. Ndinailemba Lachiwiri, ndipo pofika Loweruka inali itakwanitsa zaka makumi asanu.

Anandiputa ndi aphunzitsi athu a histole, mayi wa ku Amereka, mmodzi mwa achinyamata aja anadzaza m'masekondale dziko litangolandira ufulu. Tinkawatcha Abiti Choko, poti potuluka m'kalasi ankakhala atayera mbuu ngati achokera kuchigayo. Tsiku lina anasiya za mafumu ndi nkhondo nabwera ndi buku la makalata. Anati kwawoko, munthu wofuna kudziwa mmene anthu ankakhalira pamene dziko lawo linkalimbana ndi Angerezi amakafukula m'mabokosi a mabanja. Anatiwerengera kalata ya mayi wina wapamudzi, kudandaulira mwamuna wake amene anapita kumsonkhano wa ndale. Mchere unali utasowa, nthomba italowa kwa anansi, ndipo achimwene ake anali atasiya kupereka moni chifukwa iwo anali kumbali ya mfumu ya ku Mangalande. Anawerenganso zimene msilikali wina wokalamba analembera zidzukulu zake, tsamba lathunthu lili la matuza akumapazi. Tinaseka, poti ifenso tinali titangotsazikana ndi Angerezi omwewo.

Potsekera sukulu anatilamula kuti aliyense adzabwere ndi kalata yakale ya kwawo.

Kwathu ku Domasi pepala silinkakalamba. Kalata ikabwera kuchokera ku Joni inkawerengedwa kawiri, kachitatu agogo aamuna, a Mulipa, n'kupichiramo fodya. Mbiri yonse ya banja lathu inatulukira m'mphuno mwawo. Ukawafunsa kumene tinachokera ankangoti, "Kumunda." Tonse tinkadziwa kuti anabwera ali mwana kuchokera ku dziko la Apwitikizi, koma masiku amenewo kutchedwa Mnguru chinali chitonzo, ndipo Chilomwe agogo ankachiyankhula ndi mbuzi zokha.

Ine kubwerera chimanjamanja? Ine amene ndinaika nanzikambe m'dirowa ya a matironi, oyang'anira kogona atsikana? Ndinang'amba tsamba loyera kumapeto kwa buku la nyimbo la amayi, n'kusungunula inki ndi madzi. Ndinalemba ngati ndine bambo awo a agogo, kulembera mbale wawo wotsala kwawoko. Ndinati tinayenda mwezi wathunthu, tinapha mkango ndi mpini wa khasu, ndipo pomaliza ndinatseka monga amatsekera makalata onse: "Ana onse tafika nawo bwino." Kenako ndinaiviika m'tiyi, n'kuipachika pamwamba pa moto masiku awiri, n'kukaigoneka pachulu kuti chiswe chidyeko m'mbali. Chiswecho chinagwira ntchito mokhulupirika kuposa ine.

Titatsegulira sukulu, Abiti Choko anailandira ndi manja awiri ngati mgonero. Anainunkhiza, anaiona padzuwa, ine ndikumasulira monyada pamaso pa kalasi yonse. Ndiye anati, m'Chingerezi chawo cha m'mphuno chija, "Esime, Loweruka tipite limodzi ndikawaone agogo ako."

Pasukulu pathu wogwidwa ndi chinyengo ankamangitsidwa katundu tsiku lomwelo. Ndipo kumudzi amalume anali atayamba kale kunena kuti mtsikana wamsinkhu wanga akuchedwera chiyani ndi makope, pomwe telala wina wa ku Malemia anali atafunsa za ine kawiri. Kubwezedwa kusukulu kunali kulowa m'nyumba ya telalayo.

Tinapita pa njinga yawo, ine pakaliyala, kupempherera kuti tayala liphulike. Silinaphulike. Agogo tinawapeza kudambo, ali pansanja kupirikitsa mbalame mumpunga, chitini cha miyala chili m'manja. Mpunga unali utayamba kucha, fungo lake lili ponseponse, phiri la Zomba litaima kumbuyo kwawo ngati nalonso ladzaonerera mlandu.

"Akazanga," anatero pondiona, poti ndimo ankanditchulira pocheza, "mwanditengera mkazi wachiwiri?"

Chiyembekezo changa chinali chimodzi: womasulira ndinali ine. Abiti Choko anatulutsa kalata ija nati ndiwafunse ngati akuikumbukira. Agogo anaitembenuza uku ndi uku, naipima ndi zala monga ankachitira ndi pepala lililonse.

"Iyi singakome, yanyowa kale," anatero. "Walemba ndani?"

"Bambo anu, agogo," ndinayankha, ndikuwatsinzinira diso mpaka kuwawa.

"Bambo anga? Munthu amene pensulo ankaiyesa chotokosera m'khutu?"

Ndinatembenukira kwa aphunzitsi, nkhope ili gwa. "Akuti bambo awo ankakonda pensulo kwambiri."

Abiti Choko anangogwedeza mutu nati ndiwawerengere. Nditafika pa mkango, agogo anaseka mpaka chitini chinagwera m'madzi.

"Auzeni kuti mikango inali iwiri! Winawo ndinauluma ndine kumchira."

Mtima unakhala pansi. Ndinadziwa kuti nkhalamba yalowa m'gulu langa, ndipo mzere womaliza ndinauwerenga mothamanga, ngati munthu amene waona kale khomo la kwawo. "Ana onse tafika nawo bwino."

Kuseka kunatha. Mbalame zinatera mumpunga, agogo osaziona n'komwe.

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Mkangowo usiye, ndi wako. Koma apo fufuta." Sanati akazanga. "Sitinafike tonse."

Anayamba kuyankhula akuyang'ana kum'mawa, Chinyanja chikusakanikirana ndi Chilomwe chimene ndinali ndisanachimvepo chikulankhulidwa kwa munthu. Anati ankathawa chikoti cha Apwitikizi, akuyenda mobisala m'mabango a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Anali ndi mlongo wawo, Muhaniwa, wowaposa pang'ono, amene ankawabereka iwo miyendo ikatupa. Muhaniwayo anadwala m'mimba panjira. Anamuika pansi pa mtengo wa mgwalangwa, opanda mphasa, opanda maliro, poti kulira kukanawaulula. Kuyambira tsiku limenelo mayi awo sanalitchulenso dzinalo, ndipo ana onse anatengera pomwepo. Amayi anga enieniwo sankadziwa kuti anali ndi azakhali.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma bodza silinabwere. Apo Abiti Choko anandigwira paphewa nayankhula m'Chinyanja chopindika koma chomveka bwinobwino:

"Usavutike, Esime. Ndamva zonse. Za pensulo ndinamvanso."

Chaka chathunthu mayi ameneyu ankatimva tikumujeda m'kalasi, ali duu! Ndinamuyang'ana ndi ulemu umene wakuba amapereka kwa wakuba mnzake wamkulu.

Pobwerera anandiyendetsa pansi, iwo akukankha njinga. Anandipatsa njira ziwiri: kwa ahedi Lolemba m'mawa, kapena kope latsopano, ndilembe zonse zimene agogo anganene, osawonjezerapo ngakhale mphaka. Pa ntchito ya kalatayo anandipatsa ziro wamkulu ngati dzira la nthiwatiwa. Ndinasankha kope. Matchuthi atatu ndinakhala ndi agogo, poyamba pansanja ija, ndipo mpunga utakololedwa tinasamukira pakhonde, agogo akunena, ine ndikulemba, kope ndikulibisa m'bulauzi kuopa kuti angalisute. Sukulu ndinamaliza. Telala uja anakwatira wina, ndipo ndikumva kuti ankasoka bwino.

Anthu amandifunsa ngati ndinalapa. Ndilape chiyani? Anzanga oona mtima anabweretsa ziphaso za ubatizo ndi makalata opempha mabulangete, ndipo palibe anatulukira kanthu. Chimene ndikuchidziwa tsopano, tsitsi langa litayera, ndi chakuti anthu amene anaona zoopsa sayankha mafunso. Ukawafunsa mwaulemu amakuuza za kumunda. Koma sangapirire kumva wina akuwerenga molakwa anthu awo. Agogo anakhululuka mkango, akanakhululukanso njovu, koma anakana kuti mwana mmodzi asowe kachiwiri, ngakhale m'kalata yabodza.

Mtengo wa mgwalangwa uja palibe angaulozenso. Muhaniwa alibe manda, alibe chithunzi, sanalowe m'buku la ubatizo la mpingo uliwonse. Ali pa tsamba loyamba la kope langa, m'zilembo za mtsikana wabodza, ndipo pamenepo pokha sindinanamepo.