A Domingos ndi Asodzi a Nyenyezi

Alamu anga a Domingos akhala m'mphepete mwa nyanja zaka zoposa makumi atatu, koma sanaphepo ngakhale kausipa kamodzi. Si miseche, ndimawauza pamaso. Anafika kuno ku Nkopola ali mnyamata, atathawa nkhondo kwawo ku Mozambique, kudzera ku Namwera ndi malaya amodzi. Tsiku limene asodzi anawatenga pa boti anasanza mpaka ndulu, ndipo anawatsitsa padooko ngati thumba la chimanga. Munthu wa kumapiri. Mkulu wanga Rute anawakonda ali choncho, ife tinangoti zake zimenezo.

Ntchito imene inawayanja inali ya pakamwa. A Ayub, eni golosale ya pamsewu, anamanga chisakasa cha mabango kuseri n'kuikamo TV, deki ndi kajenereta. Imeneyo ndiyo inali vidiyo sho yoyamba kwathu kuno. Mafilimu ankabwera m'zilankhulo za eni ake, ndiye pankafunika munthu woima pambali pa TV kumauza anthu zimene zikunenedwa. Chingerezi cha a Domingos chinali cha moni basi. Koma nkhope ya munthu ankaiwerenga, ndipo bodza lawo linkakoma kuposa zoona za anthu ena.

Tsiku lina Uladi, amene ankachapa zovala kuhotela ku Makokola, anabweretsa tepi imene mlendo wina anaiiwala m'chipinda. Inalibe chikuto, ndipo zolemba zake zinali ngati popalasa nkhuku. Ataiika, anthu anatsonya. Inali katuni, zojambula pamanja, za ana. Amuna awiri anaimirira kuti azipita, koma sanafike pakhomo.

Ndinaionera kokwanira kasanu ndi kawiri, ndiye ndikuikumbukira bwino. Inkayamba ndi dzuwa lofiira, lotupa ngati chithupsa, pansi pake pali dziko louma gwa. Anthu ankakwera chombo chachitali chonga bwato, atasenza timitsuko ndi ana kumsana. Chombocho chinkanyamuka osati pamadzi koma kumka kumwamba, mpaka kufika kumene kulibe mtambo, kulibe mbalame, kuli mdima wokhawokha ndi timoto tambirimbiri. Nyimbo yake inali yapansipansi, yoti mwana wolira ankatonthola. Kenako kutsogolo kwa chombo kunkatuluka chinthu chopyapyala, chonyezimira, chomangidwa ndi zingwe. Chinkatambasuka, kutambasuka, mpaka chombo chija chinkaoneka ngati njere ya mpunga pansi pa chitenje. Nyenyezi zinkathwanima m'kati mwake.

Tsiku loyambalo msodzi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Aponya chilimira!"

Chilimira ndi ukonde waukulu uja timaphera usipa. A Domingos anangolitola liwulo lisanagwe pansi.

"Mwamva nokha," anatero. "Amenewa ndi asodzi anzanu. Kwawo dzuwa ladwala, silikudya, ndiye apita kukalifunira ndiwo. Akukapha nyenyezi."

Ndipo zonse zinagwirizana. Kutsogolo kwa chombo kunkaima mayi wa imvi atanyamula nyali. Kuno aliyense amadziwa kuti wokhala ndi nyali kuitana nsomba ndi siginala, choncho mayiyo anasanduka siginala, a Domingos n'kumutcha Abiti Nyali. Anyamata okoka zingwe anawapatsa maina a anthu a padooko pathu. Ukondewo ukang'ambika ndi miyala youluka, asodzi m'chisakasamo ankadandaula mokweza, ena kumalangiza kasokedwe kake.

Vuto linali kumapeto. Filimu ikafika pokoma, chombo chili pakati penipeni pa mdima, chithunzi chinkaphethira n'kutulukira ukwati wa azungu akudula keke. Mwini tepi anajambulapo zake. Apa a Domingos ankazimitsa TV, n'kuima kutsogolo kwake, maso ali chitsinzinire.

"Msodzi sakalambira panyanja," ankayamba choncho. "Boti likadzaza limabwerera kudooko."

Ndiye ankatiuza mmene chombo chinatembenukira, cholemedwa mpaka m'milomo. Amayi a dziko louma lija anali pamchenga ndi mabeseni. Nyenyezi anaziyanika pathandala, usiku wonse mudzi uli ngwee, ana akuba ziwiriziwiri n'kubisa m'matumba, matumbawo akuwala n'kuwaulula. Dzuwa linadya, linakhuta, linachira. Tsiku lililonse ankawonjezapo kena, koma chimodzi sichinkasintha: aliyense amene anakwera chombocho ankatsika, mayi ake n'kumutchula dzina. Tinkatuluka m'chisakasamo masanasana, maso akuwawa ndi dzuwa, nyanja ikuoneka ngati yachilendo. Ine ndinasiyapo usipa wanga pathandala akhwangwala n'kuchita nawo phwando, ndipo sindinadandaule.

Vidiyo sho inafa imfa ya zinthu zonse zoterozo. Kunabwera ma CD, kenako mafoni, tepi ija inachita chuku, chisakasa chinadyedwa ndi chiswe. A Domingos anayamba kulemba maina pa maboti ndi penti. Mukayenda padooko pathu, yang'anani kumphuno kwa boti: mukapeza kachombo kakang'ono kakukoka ukonde wa nyenyezi, dziwani kuti ladutsa m'manja mwawo. Salipiritsa kachithunziko, ndiponso safunsa mwini boti ngati akukafuna.

Mwana wawo woyamba, Simioni, anapita ku Joni ali ndi zaka makumi awiri, monga amachitira anyamata ambiri a kuno. Anati zaka ziwiri basi. Bambo ake anamuperekeza kudepoti akuseka, ati msodzi akupita kukaponya. Zaka ziwiri zija zinabala zinzake. Simioni anaphunzira zomangamanga, anakwatira konko, kunabadwa ana awiri. Tsiku limene ananena pafoni kuti wapeza malo ndipo wayamba kumanga nyumba yake, a Domingos anaika foni pamphasa n'kutuluka.

"Nkhani zake adzandiuza pakhonde pano," anatero. "Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka."

Kuyambira pamenepo, zaka zinayi, sanalankhule naye. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi foni inkalira, Rute n'kuyankha, iwo n'kunyamula kampando kupita pansi pa mtengo wa mango. Chipinda cha Simioni ankasesa okha. Adzukulu awo anali asanamvepo mawu awo, mawu amene kale ankakhazika chete chisakasa chodzaza asodzi. Rute anayamba kuonda ndi nkhaniyi, ndipo ine inkandipsetsa mtima.

"Alamu, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," ndinawauza tsiku lina.

"Edith, iwe za usipa ndiye umazidziwa," anandiyankha. "Boti lija silinadzaze. Likadzaza libwera."

Amene anafukula filimu ija ndi Lusiya, mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wa kusekondale. Anakula akumva za Abiti Nyali koma asanamuonepo. Anajambula kachombo ka pa boti lina n'kukaponya pa intaneti, kufunsa ngati alipo akukadziwa. Sipanathe masiku atatu, anthu a kutali anamuyankha. Inali filimu yakale yotchuka kwawoko, ndipo inalipo yonse, mpaka kumapeto.

Anabwera Loweruka masana ndi laputopu yobwereka. Tinatchinga zenera ndi chitenje. A Domingos anasamba, anavala malaya ositidwa ngati akupita kuchinkhoswe, n'kukhala kutsogolo. Nyimbo ija itayamba, tonse tinasendera pafupi. Pansi pa chithunzi pankadutsa mawu a Chingerezi, ndipo Lusiya ankatiwerengera m'Chichewa. Kwa nthawi yoyamba alamu anga anakhala chete pamaso pa filimu.

Chinthu chonyezimira chija chitayamba kutambasuka, analephera kupirira.

"Aponya chilimira," ananong'ona.

Lusiya anaimitsa filimu. Anayang'ana mayi ake, kenako ine.

"Ababa, akuti si ukonde. Ndi thanga."

"Thanga? Kumwamba kuli mphepo?"

"Akuti kuwala kwa dzuwa kumakankha, pang'onopang'ono ngati kamphepo. Ndiye atambasula thanga lalikulu kuti dzuwa lawo lodwalalo liziwakankha."

"Chabwino. Nanga pobwerera?"

"Mphepo yake imachokera mbali imodzi yokha, ababa. Ili ngati mwera wosaleka. Mayi wa nyaliyo akuwauza kuti amene akufuna kuona kwawo acheuke tsopano, chifukwa sadzakuonanso."

Zaka zonse zija, chisakasa chathunthu cha anthu odziwa nyanja, tinaona thanga n'kuliyesa ukonde, chifukwa kwa ife chinthu chachikulu cha zingwe chotuluka m'boti ndi ukonde basi, ndipo woponya ukonde madzulo ake amagona kwawo.

Kenako Lusiya anayamba kutiuza zimene anawerenga. Akuti ojambulawo nzeru ya thangayo sanaiyambe okha. Anaitola m'mabuku akale a nthano za maulendo a kumwamba, ndipo olemba mabukuwo nawonso anaitola kwa anthu ophunzira za nyenyezi. Maonekedwe a chombo anatengera ngalawa za makolo awo. Koma anthu osenza timitsuko aja sanawatole m'buku. Akuti ena mwa ojambulawo anali ana pa nthawi ya nkhondo, ndipo anaona midzi yawo ikupsa.

"Ndiye si asodzi," anatero a Domingos. "Ndi othawa."

"Eya, ababa."

A Domingos anayang'anitsitsa chithunzi choimacho. Kenako anafunsa, osayang'ana aliyense, "Kodi amayi anga nawonso ankasesa chipinda?"

Nkhaniyi tonse tinkaidziwa, koma sitinkaitchula. Nkhondo itatha, anzawo ambiri anakwera malole kubwerera. Iwo anatsala chifukwa Rute anali ndi pakati pa Simioni, anati chaka chamawa. Chaka chamawa kunali vidiyo sho, china kunabadwa Lusiya, china kunali kufolera nyumba. Amayi awo anamwalira kumudzi asanawaonenso, uthenga unafika ndi munthu wogulitsa fodya patatha miyezi iwiri. Ndinawamvera chisoni alamu anga tsiku limenelo, chisoni chenicheni, ndipo ndinachita manyazi ndi chipongwe changa chonse.

"Pitiriza," anauza Lusiya.

Tinadutsa pamene pankatulukira keke ya azungu, ndipo chombo chinapitirira ulendo. Abiti Nyali anakalamba, anamwalira, nyali inatengedwa ndi mdzukulu wake. Ana obadwira m'chombo anamera imvi. Pomaliza anafika pa dziko lina la udzu wobiriwira ndi miyezi iwiri yowala kumwamba, n'kutsegula timitsuko tija: munali mbewu. Thanga lija sanalidule kuti asoke zovala. Analikwezera pamwamba pa phiri, n'kulitembenuzira kumene anachokera, kuti dzuwa latsopano likamawomba pamenepo, kuwala kuzibwerera m'mbuyo. M'mawa uliwonse ana ankakwera phirilo kukalipukuta fumbi. Filimu inathera pomwepo.

"Kwawoko alipo akuona?" anafunsa a Domingos.

"Sanasonyeze, ababa."

"Koma akupukutabe."

Anadzuka, anachotsa chitenje pazenera, n'kupita kudooko kukamaliza boti la munthu. Sanadye bwino tsiku limenelo.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Ndinapita dala kunyumba kwawo titaweruka, ndikunamizira kubwereka sefa. Foni inalira nthawi yake yomweyo. Rute anaitola, maso ali pa kampando kaja. A Domingos anakagwira, anakanyamula pang'ono, n'kukabwezera pansi. Kenako anatambasula manja onse awiri, ngati mwana wolandira chinthu kwa wamkulu.

Rute anatsegula sipika asanawapatse, mwina poopa kuti sitidzakhulupirira.

"Simioni."

Mbali inayo tinamva bambo wa ana awiri akulira ngati mwana wotayika pamsika.

"Usalire iwe, mayunitsi akutha," anatero a Domingos. "Tandiuza. Nyumba ukumangayo yafika pati?"

"Ndafolera, ababa. Kwatsala mazenera."

"Khomo layang'ana kuti?"

"Kumpoto, ababa. Kumene muli inuko."

A Domingos anagwedeza mutu kangapo, ngati mwanayo akuwaona.

"Basi, wamanga bwino. Uzisesa pakhomopo. Tsopano ndipatse anawo, ndimve ngati Chichewa akuchitha."

Kamwana kena kanati "agogo" mokhotakhota, ndipo alamu anga anatsinzina monga ankachitira kutsogolo kwa TV yozima. Ine ndinatuluka osatenga sefa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango, pamene iwo anakhalapo zaka zinayi. Mawu awo ankamveka mpaka pamenepo.